Mizeremizere pa Manja a Malemu

Pamzere wodikira basi, mayi wina ankaonetsa chimbale cha ukwati wa mwana wake kwa bambo wachilendo wonyamula kamera.

"Mnyamata wa situdiyo wandiwonongera chimbalechi, bambo. Malemu amuna anga akamavina, manja awo akuoneka mizeremizere ngati mano a chipeso."

"Mwaonera pa chiyani, mayi?"

"Pa kompyuta."

"N'chifukwa chake. Chimbalechi anachikonzera TV. Chithunzi chilichonse anachigawa pawiri: mizere ina imabwera kaye, yotsalayo pambuyo. TV imaisinthanitsa mwachangu moti diso siliona. Kompyuta yanuyo ikungoiunjika pamodzi. Mukachionere pa TV."

"Ndiye kuti sichinawonongeke?"

"Chili bwinobwino."

"Mwandigwira mtima! Inetu ulendowu ndimakamulalatira mnyamata wa situdiyo uja. Malemuwo moyo wawo wonse anavina tsiku lokhalo."