Chifu Anandidula, Njala Anaisiya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale ndi inu nonse amene muwerenge mawu awa. Ine ndine Yotamu, nkhalamba ya kuno ku Salima, kufupi ndi nyanja. Ndikufuna kuchitira umboni za mowa umene unandimanga nditadulidwa chifu, ine amene ndinakula mpaka kubereka ana osalawako ngakhale dontho.

Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa alipo mpaka lero amene amati ndinali chidakwa chibadwire. Limenelo ndi bodza. Makhadi anga a mgonero a zaka zimenezo ali m'sutikesi, pamodzi ndi makhadi a chipani, ziphaso za msonkho ndi mapepala onse akuchipatala. Wokayika abwere adzaone. Chimene chinkandilamulira ine chinali chakudya. M'zaka za m'ma sevente ndinali kalaliki pa msika wa thonje ku Chitala, ndipo ndinali wonenepa moti ndinkadziyeza pa sikelo ya thonjelo. Ndikakwiya ndinkadya, ndikachita mantha ndinkadya, bwana akandikalipira ndinkathamangira mpunga wa nsomba. Palibe ananditchapo wochimwa. Pamaliro ndi paukwati ankandiitana kuti a Chimbale, n'kumati kunenepako ndi madalitso.

Kenaka zilonda za m'mimba zinandigwira mpaka ndinayamba kusanza magazi. Ananditumiza pa sitima ku chipatala china chachikulu kum'mwera, kumene anachotsa mbali yaikulu ya chifu changa. Dokotala anati thupi litsika ndipo zimenezo zindithandiza. Pepala limene anandipatsa potuluka likuti ndizidya pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku. Za mowa palibepo ngakhale liwu limodzi. Ndaliwerenga kambirimbiri, ndipo ndikaliwerenga ndimapsabe mtima.

Thupi linatsikadi, malaya onse anasanduka matumba. Koma njala ija ya mumtima mpeni sunaikhudze. Ndikapitirira mbamu zochepa ndinkatuluka thukuta, mtima n'kumagunda, chizungulire n'kundigwetsa pamphasa. Tsono inu mukudziwa kuti kwathu kuno amuna amadyera mbale imodzi, ndipo wosamba m'manja msanga amafunsidwa. Pamaliro ena ndinangotema kawiri n'kusiya. Mwini khomo anati, “Kodi a Chimbale, mwamva kuti tathiramo chiyani? Kapena kuchipatalako anakuuzani kuti kuno kuli afiti?” Amuna anaseka, koma mayi amene anaphika anakalira kuseri. Kuyambira pamenepo ndinkaopa khomo lililonse limene pankafuka utsi.

Malo okha amene mwamuna akanakhala ndi anzake popanda mbale anali pamowa. Ndinayamba kupitako kukangocheza. Tsiku lina wina anandipatsa kachasu m'kachikho n'kunena kuti, “Aka sikafuna malo m'mimba, achimwene.” Ankanena zoona. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chifu chodulidwa sichiugwira mowa, umangodutsa n'kukwera kumutu. Anzanga asanayambe n'komwe kulankhula mokweza, ine ndinali nditapita kale. Unkandipatsa kukhuta komwe kuja kumene mbale inkandipatsa, koma unkatha msanga n'kundisiya ndikufuna wina.

Ntchito inatha nditalemba thonje la mlimi wina pa dzina la mnzake. Kumpingo anandiimika mgonero. Akulu a mpingo anabwera kamodzi kokha, anandiwerengera vesi la oledzera, anadya nkhuku imene mkazi wanga Nachisale anawaphera ine ndikungoyang'ana, n'kunyamuka. Palibe anafunsa kuti munthu wosamwa wayamba bwanji kumwa atakula.

M'mawa uliwonse ndinkalumbira kuti basi. Dzuwa likafika pamutu, m'kati mwanga munkatseguka dzenje. Kuliika chakudya, thupi linkakana. Kulisiya, ndinkalephera ngakhale kumanga mabatani. Njira inali imodzi yokha, ndipo miyendo inkaidziwa. Choopsa china, masiku amenewo lilime la woledzera linkatha kumusowetsa munthu. Nachisale anamva kumjigo kuti ndinayankhula zamwano za makhadi a chipani pamowa, zimene ine sindinkazikumbukira. Anandikhazika pansi nati, “Bambo a Esinati, mowawu ukapanda kukuphani, pakamwa panu patiphetsa tonse. Mvula yoyamba ikagwa nditenga ana, ndikalime kwa amalume ku Chinguluwe.” Sanakalipe, ndipo ndinadziwa kuti achitadi. Ndinagwada n'kupemphera pemphero losauka. Ndinati, Ambuye, ndionetseni malo amene ndingakhale pakati pa anthu popanda mbale ndiponso popanda chikho.

Yankho ndinkaliyembekezera kuchokera kutchalitchi, koma linachokera kwa a Saidi, Msilamu mwini maukonde, amene tinkangopatsana moni panjira. Anandipeza nditagona pansi pa mtengo wawo wa mango masanasana. Anati, “A kalaliki, mukunditherera mthunzi pachabe. Mawa ife tikuyamba kufunga. Mwezi wonse usana pabwalo panga sipaoneka mbale kapena kapu. Bwerani mudzasoke nafe maukonde.” Kufunga ndiko kusala kudya kwa Asilamu. Ndinaipidwa nazo, ine wophunzira, Mkhristu wa mgonero, kukasokera Asilamu maukonde. Koma ndinakumbukira mawu a pemphero langa ndipo ndinachita mantha.

Ndinapita. Amuna ankakhala pachisakasa tsiku lonse m'kutentha kuja kwa mvula isanagwe, milomo itauma, akunyozana za yemwe mimba yake ikulira kwambiri. Palibe ankadya, palibe ankamwa, palibe ankandifunsa kanthu. Masiku oyamba anali moto. Singano ya ukonde inkandipulumuka, ndinkaona nyerere pamene panalibe nyerere, ndipo miyendo inkafuna kuthawa. A Saidi ankangoti, “Khalani pansi. Njala imabwera ngati funde, ingoiyang'anani, ipita. Tonse pano tili nayo.” Ankandithamangitsiranso kuseri kwa nyumba, kumene akazi awo ankandisungira kaphala. “Inu si Msilamu, komanso ndinu wodwala. Ngakhale kwathu wodwala safunga. Kamwereni uko, musatipweteke maso.” Nthawi yomasula kufungako ikakwana dzuwa litalowa, aliyense ankatenga chimene angathe, ine kanga kochepa, ndipo palibe ankandiwerengera. Iwo akati Alhamdulillah, ine ndinkati Ameni.

Sindikunamizani, ndinagwapo mkati mwa mwezi umenewo. M'mawa mwake a Saidi anakweza ukonde umene ndinasoka, nati, “Mfundo izi wamanga ndi kachasu, osati inu. Masulani muyambirenso.” Ndinamasula ndikulira, iwo akupitiriza nkhani zawo ngati sakuona. Mwezi wawo utatha ndinapitirizabe kusoka. Mvula yoyamba inagwa ndili pachisakasa pomwepo, ndipo ndinathamangira kunyumba mtima uli m'mwamba. Ndinapeza Nachisale akudzala chimanga kuseri kwa nyumba yathu. Anangondipatsa khasu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losauka lija, ndiponso amene sanandifunse kuti andithandizire kudzera mwa yani. Dzenje lija likadalipo, limatsegukabe masana ena, koma ndinaphunzira kukhala pansi n'kuliyang'ana. Inu amene madokotala anakuchepetsani chifu, pa chifukwa chilichonse, chenjerani ndi kachikho koyamba, pakuti njala ikatsekeredwa khomo limodzi imafuna lina. Amene mwagwa kale, masulani muyambirenso, musataye mtima. Ndipo inu eni makomo, mlendo akasamba m'manja msanga, mulekeni.

A Saidi anatisiya kale. Pa sadaka yawo ndinatema kawiri n'kusiya, ndipo mwana wawo anangobwera ndi madzi n'kundisambitsa m'manja, osafunsa kanthu. Nditabwerako ndinatsegula sutikesi ija n'kufufuza mapepala onse. Dzina la dokotala lilimo, la bwana amene anandichotsa ntchito lilimo, la mkulu amene anandiimika mgonero lilimonso. La a Saidi munalibe. N'chifukwa chake ndalemba pepala ili. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.