Mayi Amene Ankatsekera Alendo Kunja

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti, 1976, mwana wachitatu komanso wamkazi yekhayo m'banja mwawo. Bambo awo anali mlonda wa pa siteshoni ya sitima, mayi awo ankachapira anthu zovala. Amalume, omwe akhala kutsogolo kuno, amati malemu anayamba kukana zinthu asanayambe n'kuyenda komwe. Ine ndine mwana wawo womaliza. Andipatsa ntchito yowerenga chifukwa ndangomaliza kumene sukulu, koma kuyankhula pagulu sindinazolowere, choncho akumbuyoko mundikhululukire ngati mawu sakufika. Ndiwerenga zonse, ngakhale zimene ena anandipempha dzulo kuti ndidumphe.

Sukulu anayamba mu 1983, koma anasiyira panjira bambo awo atamwalira. Mu 1992 anakaphunzira utelala kwa mayi wina wa shopu yoyandikana ndi depoti ya mabasi. Chaka choyamba sanawalole kukhudza makina. Ntchito yawo inali kusita, kuika mabatani ndi kutola mapini pansi.

Pa 14 Disembala, 1996, anakwatiwa ndi bambo athu, amakaniki. Bambo anabwera ku shopuko ndi ovololo yoduka zipi, ndipo malemu ankati palibe zipi ina padziko lapansi imene inadukapo kawirikawiri ngati imeneyo.

Mu 1998 anabereka achemwali anga, mwana wawo woyamba. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, koma alendo anadzaza ngati pamsika, aliyense ndi malangizo ake. Uyu akuti mwana mwamufunditsa kwambiri, uyo akuti akuzizidwa, wina n'kumafinya bere kuti aone ngati mkaka ulimo. Wodzuka kukawiritsa tiyi wa alendowo anali mayi wobereka kumeneyo. Tulo tinawathawa. Tsiku lina masana anangopezeka aima pakhomo, mwana ali m'manja, osadziwa ngati wolira ndi iwo kapena mwanayo. Ena anati ndi matama, ena anati mutu wayamba kusokonekera. Iwo anabereka mwana kumbuyo n'kupita ku shopu, anatseka chitseko, nakhala pa makina. Singano anaichotsa. Anangoyamba kuponda pang'onopang'ono, phazi likatsika n'kukoka mpweya, likakwera n'kuutulutsa. Mwana anagona. Iwonso anagona, tsaya lili pa nsalu ya kasitomala.

Mu 2001 anatsegula shopu yawoyawo. Kuseri kwa katani, m'kachipinda koyezera zovala, anaikamo mpando, pilo ndi bokosi lopondapo mapazi. Mayi wa khanda akabwera kudzakulitsa diresi, malemu ankamuyang'ana m'maso asanamuyeze chiuno. Akaona kuti maso alowa m'kati, tepi ankaika pambali. Khanda ankalibereka okha, mayiyo n'kumukhazika pansi, n'kumuuza kuti atsitse mapewa, asiye kukukuta mano, manja aike pamiyendo, azingomvera makina basi ndi kupuma motsatira phazi lawo. Maganizo a matewera, a bambo a kunyumba ndi a apongozi akabwera, ankati asiyeni adutse, si basi iliyonse yolowa m'depoti imene munthu amakwera.

Nthawi yonseyo chitseko chinkakhala chokhoma. Amuna agogodapo, apongozi agogodapo, ngakhale bambo athu amwerapo tiyi wawo ataima panja. Mkwatibwi wina analandira diresi lake m'mawa wa ukwati, mpendero uli wa mapini, ndipo abale ake sanabwererenso. Ndi mmene anthu anawapatsira dzina loti Achitseko. Linali dzina lowanyoza, koma iwo ankaliyankha mokweza. Mkulu wina wa kutchalitchi atabwera kudzawachenjeza kuti zotseka maso ndi kukoka mpweyazo ndi zipembedzo zachilendo, anamuyankha ali ndi mapini kukamwa: "Ngati kukoka mpweya ndi tchimo, yambani ndinu kuleka, abambo, ife tionere."

Sanadzitche dokotala. Mayi wa khanda akanena kuti akuopa kudzivulaza kapena kuvulaza mwana, malemu ankakhoma shopu n'kumuperekeza ku chipatala, ndipo sankachoka pabenchi mpaka anamwino amuone. Amayi ambiri amene mwakhala kumanzere kuno munadutsa kuseri kwa katani lija. Sinditchula munthu, mukudzidziwa nokha.

Mu Okutobala 2023 miyendo inayamba kutupa, ndipo madokotala anapeza kuti ndi mtima. Chaka chatha anasiya kupita ku shopu.

Pa 2 Febuluwale chaka chino achemwali anga anabereka mwana wamwamuna, ndipo zimene zinagwera mayi zinagweranso mwana wawo. Achemwaliwo anasiya kudya, tulo osabwera, khanda likalira ankaopa kulinyamula. Apongozi awo anagamula kuti mkaziyu wapenga, mwana achotsedwe akaleredwe kwa abale a bambo ake. Malemu anamva nkhaniyi ali chigonere. Anatuma bambo kuti akawatenge onse awiri, ndipo bambo anapita pa galimoto ya kasitomala imene anali asanamalize kuikonza. Anamwino anawaona achemwali n'kuwapatsa mankhwala. Kenako malemu analamula kuti makina achoke ku shopu abwere kuchipinda kwawo. Miyendo inali itakana kale, ndiye woponda anali bambo, atavula nsapato zawo za girisi, malemu akuwatsina pamkono akafulumiza, ati si injini iyi.

Apongozi aja anabwera kudzatenga mwana, atanyamula chikwama cha zovala zake. Chitseko anachipeza chokhoma. Malemu mpweya unali utachepa, moti mawu ankatuluka amodziamodzi, koma anamveka mpaka pakhonde: "Wotopa amamupumitsa, samulanda mwana. Bwererani bwino, asewere."

Pa 15 Epulo anagonekedwa m'chipatala, ndipo anatisiya pa 21 Epulo, 2025, dzuwa likupendeka.

Tsopano ndifike pa zimene anandipempha kuti ndidumphe. Dzulo, thupi la mayi athu lisanatuluke n'komwe m'nyumba, tinamva kuti ena akuti poti chitseko chagwa, mwana anyamuka nawo tikangochoka kumanda. Ndili ndi mantha, sindibisa. Koma achemwali anga ndi awo akhala pafupi ndi bokosi, ndipo amene ali pachifuwa pawo ndi mwana wawo. Akudya, akugona, mankhwala akumwa, ndipo amusambitsa okha m'mawa uno. Sanachire kwenikweni, ndipo sitinama kuti achira. Andituma ndinene kuti agogo a mwanayu ndi olandiridwa kudzamuona, kudzamunyamula ndi kudzamuseweretsa tsiku lililonse, bola agogode ndipo adikire. Alamu anga, bambo a mwanayu, malo anu alipo m'nyumba muno, mukudziwa. Koma mwana sapita kulikonse. Galimoto yoyera imene yaima pa geti kudikira mwanayu kuyambira m'mawa, injini osazimitsa, ngati ili ndi malo itithandize kunyamula okalamba popita kumanda.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, achemwali anga, achimwene anga ndi ine, mdzukulu mmodzi, komanso alongo awo anayi.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mpaka mapeto, anzawo a bambo a ku galaja amene anasiya ntchito n'kuthamanga nafe, a mpingo, kuphatikizapo mkulu uja, amene lero watsogolera nyimbo, ndi oyandikana nawo nyumba amene atibwereka mipando. Tikuthokoza mwapadera amayi amene, osapemphedwa ndi munthu, agawana kale masiku obwera kudzakhala ndi achemwali anga, ena a iwo ana awo ndi aakulu kuposa ine. Inu nonse mwasiya zanu kudzatiperekeza, Mulungu akubwezereni.

Amayi, munagoneka ambiri inu muli maso. Mzimu wanu uuse mumtendere.