Maso a Malume a Lexon

— Halo? Amake Mayankho?

— Eee, ndine Margret. Ndani kodi?

— Ndine Emily, azakhali ake a Walusungu.

— Aa, asewere! Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya inu? Ana? Mpongozi wathu Mayankho?

— Onse ali bwino. Munayenda bwino Loweruka lija, titatha zokambirana za ukwati?

— Tinayenda, koma tulo sitinalione. Ndifulumire, mayunitsi ndi ochepa. Achimwene anu aja, a Lexon, ankhoswe a mtsikana...

— Eee, atani?

— Chikhalireni pansi ku Area 14 kuja mpaka pemphero lotsekera, maso ali pa Walusungu. Osaphethira! Mwana anachita kunyowa malaya.

— Asewere, pamenepo ndifotokoze...

— Dikirani. Potsanzikana mwana anapereka moni, iwo dzanja lawo kulipititsa pambali, kugwira mphepo. Ife tinamva. Munthu wamkulu sachita kukalipa.

— Ayi, si choncho, nkhani yake...

— Musawaikire kumbuyo, sanalakwe. Titafika kunyumba tinamukhazika pansi mnyamata. Tinati, malume aja akudziwa chiyani? Analira, n'kuulula zonse.

— Kuulula?

— Za mwana uja. Amene anabereka ndi Eveless, wogulitsa nsalu ku Old Town. Akuti mwina a Lexon anawaona limodzi kudepoti, atamunyamula mwanayo. Ndiye tati tipepese ifeyo, ukwati usafe. Zinachitika asanadziwane ndi Mayankho. Mwina pang'ono atadziwana.

— Mayi Emily.

— Ee?

— Achimwene ku Old Town anasiya kupitako kalekale. Ngakhale galimoto tinawalanda makiyi, atagunda chipilala cha geti. Ankaona mageti awiri, n'kusankha lomwe kulibe.

— Mukuti bwanji?

— Amadwala matenda a Parkinson. Aja onjenjemeretsa manja.

— Koma manja sankanjenjemera!

— Anali atamwa mankhwala, dzanja linalo analibisa m'thumba la jekete. Matendawa amagwiranso maso. Munthu saphethira kawirikawiri, maso amauma, zinthu amaziona ziwiriziwiri, ndipo kutalika kwa chinthu sakuyeza bwino. Adokotala anawapatsa mankhwala odonthezera, koma tsiku lija anawaiwala.

— Ndiye kuyang'anitsitsa kuja...

— Ankafuna adziwe kuti mwa a Walusungu awiriwo weniweni ndi uti. Moni uja anapatsa winayo.

— Mayo ine! Bwanji osatiuza?

— Tinkaopa kuti mudzati banja la matenda. Ndipo atabwera kunyumba anati, mnyamata uja ndamukonda, ndi wofatsa, onse awiri.

— Anatero?

— Anatero. Tsopano tibwerere kwa Eveless. Mwanayo ali ndi zaka zingati?

— Zaka... asewere, mwezi uno mwina akwanitsa miyezi isanu ndi...

— Miyezi? Walusungu ndi Mayankho akhala pa chibwenzi zaka zitatu!

— Halo? Halo? Mukudukaduka...

— Ine ndikukumvani bwinobwino. Mayankho ali pompano, akusita diresi la chinkhoswe. Ndimupatse foni mumuuze nokha?

— Netiweki ya kuno ku City Centre, inu simuidziwa... Halo?

— Makutu anga alibe Parkinson, Mayi Emily. Miyezi ingati?

— Mayunitsi atha, asewere, mupereke moni kwa a Lexon, muwauze achire msanga...

— Halo? Mayi Emily? Mayankho, tazimitsa simbiyo, bwera kuno.