Dziwe Lomwe Tidakumba Anthu a Mumgodi

Moni omvera. Ndidagwira ntchito mumgodi ku Bindura, ndipo sindilankhula zambiri.

Mwana wa mnzanga atamira m'dzenje lakale la mgodi, tidagwirizana zokumbira ana dziwe losambira m'komboni mwathu. Ena ankati zimenezo n'zachizungu. Ife tidangotenga mapiki.

Koma manja a mumgodi amangodziwa kutsika. Tidakumba mozama, makoma ali chilili ngati shafuti, dzenje lotsikira mumgodi. Tisanathire simenti, mkazi wanga adasuzumiramo nati: "Bambo a ana, mwawakumbira dzenje lina loti amiremo?"

Tidachita manyazi. Tidakwirira mbali imodzi kuti madzi azilekeza m'maondo.

Mnzanga woferedwa uja ndiye adaphunzitsa ana onse kusambira m'menemo. Chiyambire, sitidaikenso maliro a mwana womira. Nanunso mukamakumba lanu, yambirani kosaya.