Manambala a M'bokosi la Kalipentala

Atadikira zotsatira za magazi masabata atatu ndi masiku awiri, kalipentala anatseka chitseko cha shedi yake dzuwa likuswa mtengo n'kuuza alamu ake kuti avule nsapato alowe m'bokosi. Alamuwo anagwira ntchito pa positi zaka makumi atatu osatsegulapo kalata ya mwini, ndipo anali munthu woti ukamuuza kuti ima pano, mvula imamupeza pomwepo. Basi anavula nsapato, kuziika moyandikana bwinobwino, n'kugona chagada m'bokosi la maliro.

"Nditsinzine?" anafunsa.

"Tsekani pakamwa, maso asiyeni. Wongolani miyendo."

"Ndawongola."

"Ine ndi inu msinkhu ndi umodzi. Likakukwanani inu ndiye kuti landikwana." Kalipentala anakoka tepi kuchokera kumutu mpaka kumapazi, pensulo ili kukhutu. "M'mapewamo muli bwanji?"

"Mukuthina pang'ono. Koma poti mwini wake sadzafuna kutembenuka, palibe vuto."

Kalipentala anawayang'ana ndi diso loipa. Chaka chino chinali chachinayi ali ndi khansa ya m'magazi, ija yoyenda pang'onopang'ono, yomwe amaipondereza ndi piritsi la tsiku ndi tsiku. Miyezi itatu iliyonse ankamutenga magazi n'kuwatumiza kutali, ndipo ankabwerako ndi nambala yonena kuti matenda atsala ochuluka bwanji. Nambala ikamatsika, zinthu zili bwino. Ulendo watha inakwera, ndipo kuyambira pamenepo bamboyu anali ndi mantha oti sakanawavomera ngakhale mutamumanga.

"Alamu," anatero a m'bokosi, "muno mwalembedwa manambala."

"Asiyeni."

"Ali pamphuno panga penipeni. Fote-thuu. Eyiti. Wani poyinti thuu."

"Ndati asiyeni! Ndi magazi anga amenewo. Ndinkalemba pathabwa limenelo."

"Ndiye thabwalo mwalikhomera m'bokosi?"

"Linali louma bwino. Ndilitaye?"

"Ayi, ndimangofunsa. Ziro poyinti foro. Ziro poyinti wani. Ziro poyinti ziro eyiti. Apa pensulo munaikanikiza mosangalala." Alamu anapendeketsa mutu. "Lomaliza ndi ziro poyinti wani firii. Mwalizunguliza katatu."

"Eya! Mwaona tsopano? Kutsika, kutsika, kutsika, kenaka gwa! Kukwera. Munthu wanzeru akaona zotere amayamba kupala matabwa."

"Dokotala sanatero."

"Dokotala anandiyang'ana mwachisoni."

"Ndinalipo ine. Anali ndi chimfine." Alamu anapisa m'thumba la malaya movutikira, chigongono chikugunda thabwa, n'kutulutsa kabuku kawo. "Ndinalemba. Anati: nambala ikasuntha pang'ono kamodzi kokha, tisathamange mtima, chifukwa kuyeza kwake sikubwera chimodzimodzi nthawi zonse. Tiyezanso. Ikakweranso, ndiye tidzaboola fupa la m'chiuno tione mkati, mwina tisinthe mankhwala."

"Mwamva? Kuboola fupa! Ine ndimaboola matabwa tsiku lililonse, ndikudziwa mmene thabwa limalirira."

"Anati ikakweranso."

"Ndiye yakwera kale!"

"Kamodzi."

"Aa, inu alamu! Ine nditakupangirani chitseko chosiyana ndi felemu theka la inchi, n'kukuuzani kuti tisathamange mtima, tepi siibwera chimodzimodzi nthawi zonse, mungandisiye wamoyo? Muyezo ndi muyezo. Ziro eyiti ndi wani firii si abale."

"Magazi si chitseko."

"Anatero dokotala?"

Alamu anatembenuza masamba awiri, atatu. "Ayi. Zimenezo ndanena ndekha. Muzichotse."

Kalipentala anatola chopalira n'kuyamba kupala chivundikiro mwaukali, utuchi uli mbuu. Abale, palibe ntchito yolemetsa ngati kudikira. Bamboyu denga amakhoma tsiku lonse osatopa, koma masabata atatu amenewa anamufooketsa mpaka lamba anamuboola bowo lina.

"Ndipo kuchedwa kumeneku," anatero osadzutsa mutu, "kukunena zambiri. Nkhani yabwino imathamanga. Akachedwa chonchi ndiye kuti akukankhizana kuti auze ndani."

"Sanachedwe."

"Masabata atatu ndi masiku awiri!"

"Uthenga unafika Lachiwiri."

Chopalira chinaima.

"Uthenga wanji?"

"Wa anamwino. Pa foni yanga. Munawapatsa nambala yanga ija, poti yanu ikangolira mumadzimenya chala ndi hamala."

"Lachiwiri? Lero ndi Lachisanu!"

"Inde."

"Masiku atatu! Ine osadya, osagona, matabwa a kabati ya alongo anu ndawadula, inu uthenga uli m'thumba?"

"Munati, 'Ukabwera musandiuze kanthu mpaka nditafunsa ndekha.' Ndinalemba. Simunafunse."

"Ndinafunsa dzulo!"

"Dzulo munafunsa ngati foni yanga ili ndi moto. Ndinati ili nawo."

"Nanga munthu akafunsa choncho akufuna chiyani?"

"Akufuna kudziwa za moto."

Kalipentala anagwira m'mutu ndi manja onse awiri n'kuzungulira benchi kamodzi. Anabwerera, n'kuwerama pabokosi, n'kuwayang'anitsitsa alamu akewo kumaso ngati akufuna mfundo pathabwa.

"Nkhope yanu siikundisangalatsa."

"Ndinabadwa nayo."

"Mwalowa m'bokosi mosavuta kwambiri. Mukudziwa kanthu inu."

"Sindikudziwa kanthu. Sindinatsegule."

"Simunatsegule?"

"Pamwamba palembedwa dzina lanu. Ine za eni sinditsegula." Anatukula foni kuchokera m'bokosi. "Nayi. Tsegulani."

Kalipentala anabwerera m'mbuyo, manja kumsana.

"M'manja mwanga muli guluu."

"Mulibe."

"Ndati muli guluu! Tsegulani ndinu. Ndakulolani. Koma musandiuze. Muwerenge chamumtima, ine ndizingokuyang'anani."

"Magalasi anga ali m'jekete."

Jekete linali pamsomali kuseri kwa chitseko. Kalipentala anapita, anapisa thumba lolakwika, anapeza zisonga za pensulo zomangidwa ndi mphira, anapisa lina, n'kubwera nawo magalasiwo. Alamu anawapukuta galasi limodzi, kenaka linalo, kenaka loyamba lija kachiwiri. Munthu ameneyu akanakhala wozimitsa moto tauni yonse ikanapsa mwadongosolo.

Anawerenga, milomo ikuyenda popanda mawu. Atamaliza anaika foni pachifuwa, n'kupinda manja pamwamba pake, n'kuyang'ana kudenga.

"Nanga?" anatero kalipentala.

"Mukufunsa?"

"Ayi! Sindikufunsa. Ndangoti nanga."

"Chabwino."

"Ndi zabwino kapena zoipa?"

"Ine si dokotala."

"Uthengawo ndi wautali?"

"Mizere inayi."

"Inayi! Mayo ine! Zabwino salemba mizere inayi. Zabwino amangoti zili bwino, basi."

Nthawi yomweyo mphuno ya alamu inayamba kunyerenyetsa, maso anafiira, ndipo msozi umodzi unatsika n'kulowa m'khutu. Kalipentala anauona. Anakhala pansi pa utuchi, msana atatsamira bokosi lake lomwe.

"Mukulira," anatero ndi mawu aang'ono.

"Ndi utu..."

"Musanene! Ndamva kale. Zaka zonsezi sindinakuoneni mukulira, ngakhale pa maliro a apongozi. Basi. Tamverani tsono, poti mumakonda kulemba. Chopalira ichi musagulitse, chinali cha bambo anga. Alongo anu muwasamale. Koma wowotcherera zitsulo wa pafupi apayu asayandikire pakhomo panga. Amawapatsa moni wautali kwambiri."

"Moni wautali," alamu ankalemba. "Kwambiri."

"Ndipo pali china. Dokotala atandifunsa ngati ndinadumphitsa mapiritsi, ndinati masiku asanu."

"Zili pano. Masiku asanu, munaiwala botolo."

"Sindinaiwale. Linali m'chikwama cha zida, ndinkaliona m'mawa uliwonse. Anali masabata atatu, nthawi ija ndinkakhoma denga kutali kuja. Mankhwala aja amanditupitsa zikope, miyendo imakokana ndili pamwamba pa nyumba. Ndinkamva bwino, alamu. Ndinati nambala yatsika kale, ndipumeko, ndikhale munthu wamba pang'ono. Ndadzipha ndekha ine, ndi manja angawa."

Zimenezi anali asanauzepo munthu, ndipo ndi zimene zinkamudya kuposa singano ya m'fupa. M'bokosi munamveka kaphokoso ka pensulo.

"Mukutani?"

"Ndikukonza. Ndafufuta masiku asanu, ndalemba masabata atatu."

"Amenewo ndi mawu a munthu wakufa! Salemba m'kabuku!"

"Dokotala anati chilichonse chokhudza mapiritsi ndizilemba." Alamu anayetsemula mwamphamvu mpaka mutu unagunda thabwa. "Pepani. Utuchi wanuwu wandilowa m'maso kuyambira kale."

Kalipentala anatembenuka pang'onopang'ono.

"Utuchi?"

"Ndimafuna kunena, munandiletsa."

"Ndiye misozi ija..."

"Ya utuchi."

"Asa! Inu alamu, inu! Chabwino. Ndikufunsa."

"Mukufunsa chiyani?"

"Zotsatira! Zotsatira za magazi anga, zimene zili pa foni yanu, imene ili pachifuwa panu, m'bokosi langa! Ndikufunsa ndekha, ndi pakamwa panga, lero Lachisanu!"

"Ziro poyinti ziro faifi."

Kalipentala sanaphethire. "Maziro angati?"

"Awiri. Wina kutsogolo kwa kadontho, wina kumbuyo."

"Wakumbuyoyo mwamuona bwino? Si utuchi?"

Alamu anapukuta foni pamalaya n'kuyang'ananso. "Alipobe."

"Werengani zonse."

"'Ziro poyinti ziro faifi. Yatsika bwino. Pitirizani mankhwala omwewo tsiku lililonse osadumphitsa. Tidzayezanso pakatha miyezi itatu.' Mizere inayi."

Kalipentala anaphimba nkhope ndi chipewa chake, mapewa akugwedezeka. Analira ndithu, bambo wamkulu wandevu, kulira kwa chimwemwe kosakanikirana ndi manyazi. Kenaka anadzuka, anasasa thalauza, anachotsa pensulo kukhutu, n'kuwerama kulemba nambala yatsopanoyo pathabwa, pafupi ndi mphuno ya alamu.

"Ndinkadziwa ine," anatero. "Thupi langa ndimalimva."

"Nanga bokosili?"

"Ndimayesa matabwa."

"Mwalira."

"Utuchi."

"Oo." Alamu anawerenga zala. "Miyezi itatu, kenaka masabata ena atatu odikira. Ndidzabwerenso kudzagona muno, kapena muyezo womwewu ukwanira?"

"Tulukani m'bokosi mwanga."

"Ndikutuluka. Ndifulumire ndithu, ndikapeze mlongo wanga asanapite kumsika."

"Kuti mukamuuze nkhani yabwinoyi? Ayi, ndikanena ndekha."

"Imeneyo ndi yanu. Ine ndikukanena za masabata atatu osamwa mapiritsi aja. Anandiuza kuti ndikadzamva kuti mwadumphitsa ngakhale piritsi limodzi, ndidzamuuze tsiku lomwelo."

Magazi a kalipentala, omwe anali atangowayamikira kumene, anazizira. Mkazi wake ankadzuka m'mawa uliwonse kumuikira piritsi m'dzanja ndi kapu ya madzi, n'kuima pomwepo mpaka ameze. Botolo la ulendo wa denga uja analongedza yekha mayiyo, atawerenga limodzilimodzi.

"Alamu, tiyeni tikambirane ngati amuna."

"Anati tsiku lomwelo."

"Ndinanena zija ndikuyesa ndikufa!"

"Sanatchule zoti mukamafa ndisanene."

Alamu anagwira m'mbali mwa bokosi kuti adzuke. Mapewa anakana. Anayesanso, nkhope inachita kuda, mitsempha ya m'khosi inatupa, n'kugweranso chagada akupuma wefuwefu.

"Ndigwireni dzanja. Mutu ukuzungulira."

Kalipentala sanatambasule dzanja. Anaima chilili, akuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo nkhope yake inayamba kuwala.

"Mukupuma moipa, alamu. Kodi inu magazi munayezetsa liti?"

"Sindinayezetsepo."

"Chibadwire?"

"Palibe anandiuza kuti ndikayezetse."

"Shuga? Kuthamanga kwa magazi?"

"Sindikudziwa."

Kalipentala anapukusa mutu mwachifundo, n'kunyamula chivundikiro pabenchi, n'kuchiuzira utuchi.

"Ine matenda anga ndikuwadziwa mpaka ziro wachiwiri, inu anu simukuwadziwa ndi dzina lomwe," anatero. "Bagonani momwemo, alamu. Pa awirife, wokayikitsa ndinu."