Phiri la pa Kalendala

Pa siteji ya basi ku Mu Cang Chai, dera la minda ya mpunga ya m'mapiri, bambo wina wa ku mzinda wa Hanoi, kamera ili pakhosi, ankadandaulira mayi wachikulire amene anakhalira thumba.

"Mayi, anthu a kuno nzeru mulibe. Ndayenda tsiku lathunthu kudzaona mpunga wachikasu pa phiri lija la pa kalendala. Ndapeza ziputu zokhazokha!"

"Pepani bwana. Mpungawo sunamve kuti mukubwera."

"Musandiseke. Kudikira sabata imodzi yokha osakolola kukanavuta chiyani?"

"Chaka chatha mwini mundawo anadikira, atamupempha a zokopa alendo. Anzanu anabwera ndi madiresi oyera, kupondaponda, ena kugonera ngala kuti chithunzi chikome. Zotsalazo inamaliza ndi mvula."

"Komatu munda wake unatchuka."

"Unatchukadi. Ana ake ankaphika kutchuka komweko mpaka Febuluwale."

"Umbuli basi! Munthu wanzeru angamete phiri lokongola chonchija ngati mutu wa mkaidi? Nditakumana naye ndingamuuze zoona."

"Muuzeni, akumva. Ndinamweta ndekha, masiku anayi, ndi msana womwewu."

"Aa, ndinu? Ine sindimadziwa kuti..."

"Musachite manyazi, bwana. Mwachokera kutali kudzaona mpunga wanga, ndiye simubwerera osauona. Ndi uwu ndaukhalirawu. Basi ndi iyo ikubwera apoyo. Ikani kamerayo pansi, mugwire mbali iyo tikweze, mumve kulemera kwake kwa kukongolako."