Choyezera ndinachifufuta ndi manja anga

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ndine Esinati, wa kwa Kuntumanji, kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala. Ndakhala chete miyezi ingapo, moti ena mumafunsa ngati ndinasamuka. Sindinasamuke ayi. Ndinali pa mavuto odziputira ndekha, ndipo ndinatsala pang'ono kuchotsedwa pa maphunziro amene ndinasiyira ntchito.

Ndinkaphunzitsa fizikisi pa sekondale ina yapulayiveti ku Zomba. Kenako ndinasankhidwa kulowa maphunziro a achinyamata amene akuyamba kumene ntchito yofufuza zakuthambo. Ntchito yake si yoyang'ana nyenyezi ndi maso. Ku chipululu china ku Joni kuli madishi ambiri, onga a kanema aja koma aatali kuposa nyumba, amene amamva mafunde a wailesi ochokera kutali kuthambo. Dishi imodzi payokha siona bwino, choncho zimene onse amva zimaphatikizidwa pa kompyuta mpaka kutuluka chithunzi chimodzi. Ife timaphunzira kuphatikizako. Gawo loyamba linali la pa intaneti, ndipo okhoza okha ndiwo akanapita ku gawo lachiwiri kukagwira ntchito ndi akatswiri.

Ahedi atandikaniza tchuthi, ndinasiya ntchito n'kubwerera kwa amayi. Amalume anga atamva anangoti, "Digiri yonseyi udzaingitsire mbalame ku sikimu?" Ndinawayankha mwamwano pang'ono, poti ine pakamwa sipachedwa. Mawu awowo anadzandibwerera m'mutu nthawi zambiri.

Kwathu kulibe magetsi, ndiye ndinapempha malo pa chigayo cha mpunga pomwe netiweki imagwirako. Ndinkakhala pa benchi pakona, laputopu pamiyendo, mankhusu akulowa m'mabatani. Tsiku lina magetsi anazima phunziro lili mkati. Aphunzitsi athu, mayi wina wofatsa wa ku Kenya, ankajambula phunziro lililonse kuti wophonya adzaonere, koma ine sindinabwerereko. Ndinkati zotsalazo ndizidziwa ndekha, si ndinkaphunzitsa anzanga ku koleji.

Mayeso atafika, aliyense anapatsidwa data yake, ndiye kuti manambala a zimene madishi anamva, ndi masabata atatu oti atulutse chithunzi. Ntchito yoyamba ndi kuchotsa zinyalala. Mafoni, ndege ndi masetilaiti zimalowerera pa zimene madishi akumva, ndipo pa kompyuta zimaoneka ngati manambala okwera modzidzimutsa. Mu data yanga ndinaona kuti pakapita mphindi zingapo manambala amakwera kwambiri kwa kanthawi, kenako n'kutsika, n'kudzakweranso. Ndinati phokoso lake ndi limeneli. Ndinachotsa zonse, osasiya ngakhale kamodzi, ndipo pofuna malo ndinafufutanso data yoyambirira imene anandipatsa. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti palibe waukhondo ngati ine.

Chithunzi chitatuluka chinali mizeremizere yokhayokha ngati mphasa. Ndinabwereza, chimodzimodzi. Ndinasintha izi ndi izo kwa masabata awiri, koma mphasa ija sinachoke. Pa gulu lathu la pa foni anzanga ankaika zithunzi zokongola n'kumayamikirana, ine ndili duu. Kufunsa ndinkachita manyazi. Ndinali ndekha amene ndikatsegula maikolofoni kunkamveka chigayo, ndipo ndinkaopa kuti anena kuti analakwitsa kusankha wakumudzi.

Abale, masiku amenewo anali owawa. Chakudya chinkandikanika, thupi linayamba kutha. Amayi akafunsa ndinkati zikuyenda, ndikunama masana dzuwa likuswa mtengo. Kusukulu kuja anali atalemba kale mphunzitsi wina, moti kobwerera kunalibe. Ndinakwiyira Mulungu, ndinene mosabisa. Ndinkamufunsa chifukwa chimene ananditsegulira khomo ngati ankadziwa kuti ndikachita manyazi pakhomo pomwepo. Lamulungu ku tchalitchi ndinkangogwedeza milomo anzanga akuimba.

Kutatsala masiku anayi ndinalemba kalata yosiya maphunziro, koma sindinaitumize. M'mawa mwake popita ku chigayo ndinaima m'mbali mwa ngalande ya sikimu n'kupemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati, "Ambuye, ndatopa kudziyesa wanzeru. Ngati mukufuna ndisiye ndisiya, koma mundionetse kaye pamene ndalakwa."

Inali nthawi yokolola, ndipo pa chigayo panali mzere wautali. Woyeza matumba pamenepo ndi a Namakhwa, bambo wachikulire wosapupuluma. Akayeza matumba angapo amaima, n'kuika chitsulo chakuda pa sikelo, n'kuyang'ana, kenako n'kupitiriza. Tsiku limenelo mayi wina wofuna kukakwera minibasi ku Kachulu anatopa nazo.

"Bambo, chitsulocho chili pa mzere nachonso? Minibasi indisiyatu ine."

"Mayi, pepani, dikirani pang'ono," anatero a Namakhwa. "Sikelo iyi ikatenthedwa, kuphatikiza kunjenjemera kwa chigayochi, imayamba bodza. Chitsulochi kulemera kwake ndimakudziwa. Sikelo ikanena zina, basi ndadziwa kuti yasokera, ndiikonze. Popanda chimenechi, matumba anuwa ndingomalota."

Ndinali nditawaona akuchita zimenezi tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri osalabadira. Koma m'mawa umenewo mawu awowo anandilowa. Ndinafufuza phunziro lija ndinaphonya n'kuliona mpaka kumapeto. Aphunzitsi ankafotokoza kuti mpweya ndi makina zimapotoza zimene madishi akumva, choncho pakapita mphindi zingapo madishi onse amatembenukira ku chinthu china chowala kwambiri chimene mphamvu yake ndi malo ake zimadziwika kale. Chimenecho ndiye choyezera, ndipo ndi chimene chimawongola zina zonse. Manambala okwera aja sanali phokoso. Ndinali nditafufuta choyezera ndi manja anga.

Ndinalira pa benchi pomwepo anthu akuona. A Namakhwa anasiya sikelo n'kubwera.

"Madamu, kwagwa zovuta kumudzi?"

"Ayi bambo. Nanenso ndinali ndi chitsulo changa, ndiye ndinachitaya."

Sanamvetse zonse, koma anangoti, "Ndiye kapempheni china kwa amene anakupatsaniyo."

Chimenecho ndiye chinali chovuta kuposa zonse kwa munthu wodzimva ngati ine. Ndinafufuta kalata yosiya ija n'kulemba ina. Ndinkafuna kunamizira magetsi, koma mzimu unandiletsa. Ndinalemba kuti phunziro sindinalionere chifukwa cha matama, kuti choyezera ndinachiyesa zinyalala, ndiponso kuti data yoyambirira ndinaifufuta. Kenako ndinaitumiza kwa aphunzitsi.

Yankho linabwera tsiku lotsatira. Aphunzitsi anandibwezera data yonse, koma tsiku lomaliza sanalisunthe. Ndinagwira ntchito kuyambira potsegula chigayo mpaka potseka, a Namakhwa akuthamangitsa aliyense wofuna kuzula waya wanga kuti atchaje foni. Madzulo a tsiku lomaliza chithunzi chinatuluka: mlalang'amba wakutali, kadontho kowala pakati, ndi malawi awiri aatali otuluka uku ndi uku. Sichinali chosalala ngati cha anzanga, m'mbali munatsala timizere. Ndinachitumiza chomwecho, ndipo masabata odikira zotsatira mtima sunakhale m'malo.

Dzina langa linatuluka kumunsi kwenikweni kwa mndandanda wa opita ku gawo lachiwiri. Kumunsi kapena kumwamba, ine ndinagwada. Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa bambo woyeza mpunga, pa malo amene ndinkachita nawo manyazi. Ndikuthokoza amayi, amene nditawaululira bodza langa anati ankadziwa kale. Mundipemphererebe, chifukwa zimene sindikuzidziwa zikadali zambiri ndipo mantha sanathe.

Inu amene muli pa sukulu kapena pa ntchito imene yakukulirani, musasiye, ndipo musakhale chete ngati mmene ndinachitira ine. Pempherani, kenako pitani mukanene pamene mwalakwa. Potumiza zotsatira, aphunzitsi aja anandilembera padera kuti m'magulu a m'mbuyomu munali ophunzira ena atatu amene analakwitsa ndendende ngati ine. Onsewo akanathandizidwa tsiku limodzi, koma palibe amene anawalembera kupempha thandizo. Anangosowa, ndipo mpaka lero aphunzitsi sadziwa kumene ali. Mayina awo sindikuwadziwa, koma ndimawapempherera m'mawa uliwonse, ndipo ndikupempha kuti nanunso muziwakumbukira. Ambuye akusungeni nonse.